Wayback Machine ikakana kusunga tsamba: zoyenera kuchita musanadinenso batani

Tsamba la pa intaneti silikhala malo amodzi mpaka kalekale. Chilengezo cha ntchito chimene mwachiona lero, sabata yamawa mupeza achichotsa. Mitengo ya mbewu imene boma lalengeza, chenjezo la a zanyengo lokhudza mwera pa nyanja, nkhani ya madzi osefukira a ku Dwangwa, zonsezi zimasunthidwa, zimasinthidwa mawu mwakachetechete, kapena zimangosowa webusayiti ikamakonzedwanso. Bungwe la Pew Research Center la ku America linatulutsa kafukufuku mu 2024 wosonyeza kuti pa masamba 100 alionse amene analipo mu 2013, masamba 38 anali atasowa patatha zaka khumi. Kuno ku Salima, kumene mkangano wa mtengo wa mpunga pakati pa alimi a ku Lifuwu ndi wogula ungathe kutha ndi tsamba limodzi lokhala ndi deti, kusowa kotereku si nkhani yochepa.

Malo odziwika kwambiri osungirako masamba ndi Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive limene Brewster Kahle analiyambitsa ku San Francisco mu 1996. Nkhokweyi inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001. Masamba ambiri imatolera yokha, koma ilinso ndi khomo lotchedwa Save Page Now, pa web.archive.org/save, pomwe aliyense amamata linki n'kupempha kuti tsambalo lisungidwe pompopompo, mwaulere. Chimene chimagwetsa anthu mphwayi n'chakuti khomoli nthawi zina limakana. Likuuzani kuti mwafika pa malire a masamba amene mungasunge, kapena lingolemba kuti "Job failed" osafotokoza chilichonse. Ambiri akaona zimenezi amadinanso, n'kudinanso, mpaka bandulo kutha, kenako n'kusiya poganiza kuti palibe chasungika. Kudina mobwerezaku kumangokufikitsani msanga pa malire, ndipo uthenga woti zakanika sutanthauza nthawi zonse kuti tsambalo silinalowe. Choncho ndondomeko yonseyi yagona pa mfundo imodzi: uthenga wa pa sikirini, kaya ndi wabwino kaya woipa, musaukhulupirire mpaka mutatsegula nkhokweyo n'kuona ndi maso anu.

1. Yambani ndi kope lanu la m'foni

Musanapite ku Wayback Machine, sungani tsambalo m'foni kapena pa kompyuta yanu. Mukafika pa malire n'kuuzidwa kuti mubwerenso mawa, tsambalo likhoza kuchotsedwa usiku womwewo, ndiye mukhala opanda kalikonse m'manja.

Pa foni ya Android, mu Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona, kenako kamuvi koloza pansi. Tsamba lonse lilowa m'foni ndipo lizitseguka ngakhale mulibe data. Njira ina ndi kudina Share, kenako Print, n'kusankha Save as PDF. Pa kompyuta ndi Ctrl ndi P. Jambulaninso sikirinishoti yoonetsa linki pamwamba ndi nthawi pakona ya foni. Ngati pa tsambalo pali chikalata cha PDF, monga fomu yofunsira ntchito kapena ndandanda wa mitengo, chidawunilodeni pachokha.

Kope lanulo ndi lothandiza kwa inu, koma kwa munthu amene mukutsutsana naye ndi lofooka. Aliyense akudziwa kuti sikirinishoti imakonzeka, ndipo pa magulu a WhatsApp taona zikalata zabodza zokhala ndi chidindo chooneka ngati chenicheni. N'chifukwa chake tikufunabe nkhokwe ya anthu ena, imene deti lake simungalisinthe inu kapena iye.

2. Konzani linki

Zolakwika zambiri zimayambira pa linki yomwe mwamata. Linki yochokera pa Facebook kapena pa WhatsApp kawirikawiri imabwera ndi mchira wautali. Pambuyo pa dzina la nkhani mumaona chizindikiro cha funso, kenako mawu monga fbclid kapena utm_source ndi zilembo zosokonekera. Mchira umenewu ndi wowerengera kumene owerenga akuchokera, si mbali ya tsamba. Ufufuteni kuyambira pa chizindikiro cha funsocho, ndipo tsegulani linki yotsalayo kuti muone ngati ikufikabe pa nkhani yomweyo.

Apa pafunika diso. Pa mawebusayiti ena, makamaka a maofesi ndi masukulu, zimene zili pambuyo pa chizindikiro cha funso ndizo zimatchula tsamba lenileni, monga ?p=245 kapena ?id=17. Mukazichotsa mufikira pa tsamba loyamba la webusayiti, ndipo musunga chinthu china osati chimene mumafuna. Ndiye kutsegula kaye mutafufuta si mwambo chabe.

Ngati linki ndi yofupikitsidwa, monga ya bit.ly, itseguleni mpaka ifike kumene ikupita, mukope linki ya pamwamba pa brawuza. Ngati chimene mukufuna ndi chikalata cha PDF, pezani linki yothera ndi .pdf ndipo muisunge payokha. Kusunga tsamba lokhala ndi batani la Download sikutanthauza kuti chikalatacho chasungidwanso.

Linki yoyera imathandizanso ena. Munthu wa ku Chipoka akadzafufuza nkhani yomweyo chaka chamawa, adzalemba linki yeniyeni ya nkhaniyo, osati yokhala ndi mchira wa pa foni yanu.

3. Onani ngati wina anasunga kale

Pitani pa web.archive.org, matani linki m'bokosi lofufuzira la pamwamba, osati la Save Page Now. Ngati tsambalo linasungidwapo, patuluka kalendala yokhala ndi timadontho pa masiku amene linasungidwa. Kadontho ka buluu ndiye kuti tsamba linatseguka bwino. Kobiriwira ndiye kuti linki inakankhira kwina. Ka olenji kapena kofiira ndiye kuti chimene chinasungidwa ndi tsamba la cholakwika. Ngati pali kadontho ka buluu ka lero kapena dzulo, katseguleni, muwerenge. Mawu amene mukufuna akakhalamo, ntchito yatha, kopani linkiyo, mwapulumutsa data ndi mwayi wanu wa tsikulo.

4. Tsegulani akaunti, ndipo lowani musanasunge

Save Page Now imalola munthu kusunga popanda akaunti, koma malire a wopanda akaunti ndi ocheperapo. Akaunti ya pa archive.org ndi yaulere, imangofuna imelo ndi pasiwedi.

Kwa ife ogwiritsa ntchito data ya pa foni pali chifukwa china chachikulu. Munthu wopanda akaunti amazindikiridwa ndi nambala ya IP, imene netiweki imakupatsani mukalowa pa intaneti. Makampani a mafoni kawirikawiri amagawira makasitomala ambirimbiri nambala imodzi yoonekera kunja. Ndiye inu muli pa Kamuzu Road, simunasungepo kanthu chiyambire m'mawa, koma nkhokwe ikuona ngati mwasunga kale zambiri, chifukwa anthu ena osawadziwa akutulukira pa nambala yomweyo. Pa kompyuta za m'malo ojambulitsa zikalata kapena pa WiFi ya ofesi n'chimodzimodzi. Mukalowa ndi akaunti, mumawerengeredwa zanu zokha. Ichi chokha chimathetsa mauthenga ambiri a malire amene amaoneka ngati opanda mutu.

Pasiwedi ya akauntiyi ikhale yakeyake, osati imene mumagwiritsa ntchito pa Facebook kapena pa imelo. Mu Okutobala 2024 zinadziwika kuti akuba a pa intaneti anathyola Internet Archive n'kutenga zambiri za maakaunti pafupifupi 31 miliyoni. Amene anali ndi pasiwedi imodzi paliponse anayenera kuthamanga kukasintha kwina konse.

5. Sungani, koma mabokosi a pansi pa linki musangowachonga onse

Mukalowa ndi akaunti n'kutsegula web.archive.org/save, pansi pa malo omatira linki pali timabokosi tingapo. Save screenshot kamajambula chithunzi cha tsamba monga mmene likuonekera. Kachongeni, chifukwa tsamba likadzasokonekera potsegula m'tsogolo, chithunzicho chidzakhalapobe. Save also in my web archive kamaika tsambalo pa mndandanda wa akaunti yanu, kuti musadzavutike kulipeza. Save error pages kamachititsa kuti ngakhale tsamba la cholakwika, monga lolembedwa kuti 404 (kutanthauza kuti tsamba palibe), lisungidwe. Kameneka n'kofunika ngati cholinga chanu ndi kusonyeza kuti chilengezo chachotsedwa, koma ngati mukufuna nkhani yeniyeni, kachotseni kuti cholakwika chisasungidwe ngati tsamba.

Kabokosi kofunika kusamala nako ndi Save outlinks. Kamauza nkhokwe kuti isungenso masamba onse amene tsamba lanulo likuloza. Pa tsamba la nyuzipepala amenewa akhoza kukhala makumimakumi: nkhani zina, zotsatsa malonda, malinki a Facebook. Ntchito imodzi imasanduka mtolo, imachedwa, ndipo imakusendezani ku malire chifukwa cha zinthu zimene simumazifuna n'komwe. Kachongeni pokhapokha ngati tsambalo ndi mndandanda wa zikalata zimene mukuzifuna zonse.

Dinani Save Page kamodzi, ndipo dikirani. Zimatha kutenga masekondi, zimathanso kutenga mphindi zingapo, makamaka ikakuuzani kuti mwaikidwa pa mzere. Musadine Refresh, musatsegule tsamba lomwelo m'mawindo atatu.

Mvetsani chimene chikuchitika panthawiyi, pakuti ndicho chimalongosola zambiri za m'munsimu. Foni yanu siimene ikusunga tsambalo. Inu mwangotumiza pempho. Makompyuta a Internet Archive ndi amene akupita ku webusayitiyo, kutsegula tsamba ndi kulikopa, ndipo foni yanu ikungofunsa kuti ntchito yafika pati. Netiweki ikaduka muli pa minibasi yopita ku Senga Bay, kapena magetsi akazima n'kuzimitsa WiFi, foni imataya kulumikizana n'kuonetsa cholakwika, pamene kutsidya kuja ntchito ikhoza kupitirira mpaka kutha.

6. Mukafika pa malire, dziwani kuti ndi malire ati

Malire si amodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Manambala ake amasinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa ntchito, ndiye chofunika kuloweza ndi mitundu yake.

Pali malire a ntchito zochitika nthawi imodzi. Uthenga wake umatchula "limit of active Save Page Now sessions". Ndiye kuti mapempho anu ena akadali m'kati. Awa ndi ofewa: dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, tumizani linki imodzi, ithe, kenako ina.

Pali malire a tsamba lomwelo. Uthenga wakuti "The same snapshot had been made" ukutanthauza kuti tsambalo langosungidwa kumene, ndipo nkhokwe siilola kubwereza mpaka papite kanthawi. Anthu ambiri amauona ngati kukana, pamene ndi nkhani yabwino: kope lilipo kale, mwina ndi lanu lomwe lija munaliyesa lakanika. Palinso uthenga wonena kuti linkiyo yasungidwa kale kangapo lero, mubwerenso mawa. Umenewu umakonda kutuluka pa nkhani yotentha, monga tsiku lotuluka zotsatira za mayeso a MANEB kapena nthawi ya zisankho, pamene anthu ambiri akusunga tsamba limodzi. Bwererani ku kalendala ija, musankhepo kope la lero.

Pali malire oteteza webusayiti imene mukusungayo. Nkhokwe ikaona kuti mapempho opita ku webusayiti imodzi achuluka, imawachedwetsa kapena kuwaimitsa mpaka tsiku lotsatira. Izi n'zoyenera. Mawebusayiti ambiri a kwathu kuno ali pa maseva (makompyuta osunga mawebusayiti) ang'onoang'ono, ndipo kuwakhuthulira mapempho mazana nthawi imodzi kukhoza kuwagwetsa, owerenga enieni n'kusowa polowera.

Kenako pali malire a tsiku a inu mwini, ndi nambala 429 yokhala ndi mawu akuti "Too Many Requests". Imeneyi imabwera mukadina mothamanga. Zili ngati pa chigayo tsiku loti magetsi angoyaka: kukankhira thumba lanu kutsogolo mobwerezabwereza sikufulumizitsa injini, kumangochititsa wa pachigayo kukuuzani kuti muyambe mwakhala pambali. Mukapitiriza kudina mutalandira 429, mukhoza kutsekeredwa kwa kanthawi ndithu. Ikani foni pansi, bwererani pakapita theka la ola kapena kuposerapo.

Ena amalangizana kuti ukafika pa malire uzitsegula maakaunti ambiri kapena kusinthasintha VPN, pulogalamu yobisa nambala yako ya IP. Ine sindikulimbikitsa zimenezo. Internet Archive si kampani yamalonda, imayenda ndi zopereka, ndipo malirewo alipo kuti mlimi wa ku Khombedza ndi mtolankhani wa ku London onse apeze mpata. Ngati muli ndi malinki ambiri, njira zovomerezeka zilipo, ndazitchula m'munsimu.

7. "Job failed" ndi zolakwika zina zosalongosoka

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni, chifukwa uthengawo sukuuzani ngati wolakwa ndi inu, webusayiti, kapena nkhokwe. Muyenera kupeza nokha, ndipo n'zotheka mukatsata dongosolo.

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa kopaletivi ya mpunga, mwakhala pa benchi kunja kwa ofesi ndi a tcheyamani, mukusunga tsamba la mitengo. Kabwalo kazungulira, kazungulira, kenako "Job failed".

"Alembi, tadinaninso, mwina netiweki yabwerera."

"Tadikirani pang'ono a tcheya, tione kaye ngati lalowa."

Yankho limenelo ndiye loyenera. Dikirani mphindi zisanu, tsegulani web.archive.org, fufuzani linkiyo pa kalendala. Nthawi zina kadontho ka lero kamakhala kali pomwepo. Mukapeza mawu akuti "Hrm. The Wayback Machine has not archived that URL", musafulumire kugamula. Kope latsopano limatha kuchedwa kuonekera pa kalendala, maola angapo ngakhale kuposerapo, ndipo nthawi zina Save Page Now imanena yokha kuti pali kuchedwa polembetsa kopelo. Ngati inakupatsani linki, ikopeni ngakhale isanayambe kutseguka, mudzaiyese madzulo.

Ngati palibedi, tsegulani tsamba lenilenilo mu Incognito, windo lachinsinsi la Chrome, mmene simunalowe ndi akaunti iliyonse. Umu ndi mmene nkhokwe imalionera. Likakufunsani kuti mulowe ndi pasiwedi, mwapeza chifukwa: nkhokwe ilibe pasiwedi yanu. N'chifukwa chake zolemba za pa Facebook ndi Instagram zimavuta kwambiri kusunga, ndipo za m'magulu otsekeka sizitheka n'komwe. Likatenga nthawi yaitali kutseguka, mwina seva yake ndi yofooka ndipo nkhokwe inatopa kudikira. Brawuza ikachenjeza kuti kulumikizana si kotetezeka, ndiye kuti satifiketi ya webusayitiyo yatha kapena ili ndi vuto, zimene zikhoza kulepheretsa kusunga.

Tsamba likatseguka bwinobwino kwa inu, yesani kusunga tsamba lina losavuta la webusayiti ina, monga nkhani ya pa Wikipedia. Likasungika, vuto lili pakati pa nkhokwe ndi webusayiti yoyamba ija. Mawebusayiti ena ali ndi mapulogalamu olondera otchinga makina, ena amakana alendo ochokera kunja kwa dziko, ndipo kumbukirani kuti pempho lanu likufika kumeneko kuchokera ku makompyuta a Internet Archive, osati ku Salima. Nalo likakanika, vuto lili ku nkhokwe kapena pa malire anu, ndipo palibe chimene mungakonze koma kudikira. Zimachitika. Chiwembu cha mu Okutobala 2024 chija chinatseketsa webusayiti yonse kwa masiku angapo, ndipo Save Page Now inabwerera kumayambiriro kwa Novembala.

Manambala akaoneka amathandiza. 403 ndiye kuti webusayiti yakana mlendoyo. 404 ndiye kuti pa linkiyo palibe tsamba, onaninso ngati simunadule chilembo pokopa. 500, 502, 503 ndi 504 ndi mavuto a seva, ndipo kawirikawiri amatha okha, yesani nthawi ina ya tsiku. Koma mukaona kuti linkiyo ndi "excluded from the Wayback Machine", musatayenso data. Webusayiti imeneyo inachotsedwa m'nkhokwe, nthawi zambiri mwini wake atapempha, ndipo kubwereza sikusintha kanthu.

Lamulo langa ndi lakuti kuyesanso kuzikhala kotalikirana: kamodzi pakapita mphindi zingapo, kenako pakapita maola, kenako mawa. Pakati pa kuyesa kulikonse, yang'anani kalendala kaye.

8. Likasungika, litseguleni muwerenge

Uthenga woti zatheka nawonso umanamiza. Nkhokwe imasunga chimene yapatsidwa. Ikapatsidwa tsamba lofunsa ngati ndinu munthu kapena makina, lolembedwa "Just a moment", isunga limenelo. Ikapatsidwa bokosi lolowera ndi pasiwedi, kapena tsamba loyera lopanda mawu, isunganso n'kukuuzani kuti yamaliza. Ndiye tsegulani kopelo, tsikani mpaka pansi, pezani chiganizo chenicheni chimene mumafuna: mtengo pa kilogalamu, tsiku lotsekera kulandira makalata, dzina la ofesi. Onani ngati matebulo ndi zithunzi zikuoneka. Mavidiyo, mapu ndi ndemanga za owerenga nthawi zambiri sizilowa bwino. Dinani linki ya PDF muli m'kati mwa kopelo kuti muone ngati nayo ilimo.

Linki ya kope imaoneka chonchi: web.archive.org/web/, kenako manambala 14, kenako linki yoyamba ija. Manambalawo ndi chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi ndi sekondi. 20250314073000 ndiye kuti 14 Malichi 2025, nthawi ya 07:30. Koma nthawi imeneyi ndi ya GMT, imene maiko onse amayezera nthawi zawo, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, choncho kuno inali 09:30. Izi zimakhala zofunika pa nkhani za masiku otsekera. Mukasunga tsamba 1 koloko usiku, linki ionetsa deti la dzulo lake, ndipo wina akhoza kukutsutsani ngati simudziwa kufotokoza.

Onetsetsaninso deti limene lili pa kachingwe ka pamwamba pa kope. Ngati kope la nthawi imene mwapempha palibe, Wayback Machine imakupititsani ku kope loyandikira, lomwe likhoza kukhala la chaka chatha lokhala ndi mitengo yakale. Munthu wothamanga amaona tsamba latseguka n'kuyesa kuti ndi lake la lero.

9. Malinki akachuluka, kapena khomo ili likakanitsitsa

Ngati muli ndi malinki makumi angapo, monga mphunzitsi wosonkhanitsa zowerenga kapena wa wailesi ya m'dera wosunga nkhani za nyanja, musawamate limodzilimodzi pa foni. Internet Archive imalandira malinki pa imelo ya savepagenow@archive.org, n'kubweza yankho lokhala ndi malinki a makope. Ilinso ndi njira yolandira malinki olembedwa mu Google Sheets kwa amene ali ndi akaunti. Ubwino wa njirazi kwa ife ndi wakuti mumatumiza kamodzi, n'kuzimitsa data, ntchito n'kumachitika kutsidya. Zotsatira zake muzizionabe limodzilimodzi monga pa sitepe 8.

Tsamba likakanika ku Wayback Machine, yesani archive.today, imene imapezekanso pa archive.ph ndi archive.is. Inayamba mu 2012, imasunga mawu ndi zithunzi pamodzi ndi chithunzi cha tsamba lonse, ndipo nthawi zina imakwanitsa masamba amene Wayback yalephera. Nayo ili ndi mzere wodikira ndi mafunso otsimikizira kuti ndinu munthu. Eni ake sadziwika poyera, choncho muitenge ngati kope lachiwiri, osati lodalira lokha. Ophunzira a m'makoleji olemba kafukufuku akhoza kuyang'ananso Perma.cc, ya laibulale ya sukulu ya zamalamulo ku Harvard, koma malinki aulere kumeneko ndi owerengeka. Pa kompyuta, pulogalamu yoonjezera mu brawuza yotchedwa SingleFile imasunga tsamba lonse mu fayilo imodzi, ndipo imathandiza pa masamba ofuna pasiwedi amene nkhokwe za kunja sizingawafikire.

10. Zimene simuyenera kutumiza ku nkhokwe

Chilichonse chosungidwa ndi Save Page Now chimakhala poyera, aliyense akhoza kuchipeza. Linki ya Google Drive imene mnzanu anakupatsani inu nokha, tsamba la zotsatira za mayeso a mwana lokhala ndi dzina ndi nambala yake, risiti ya ndalama, mndandanda wa mamembala okhala ndi manambala a foni, zotsatira za kuchipatala: izi musazimate pamenepo. Kuchotsa chinthu chikalowa si kudina batani, mumachita kulemba kalata yopempha n'kudikira. Zoterezi zisungeni pa foni, pa flashi kapena pa pepala. Mlembi wa gulu ayenera kusamala kwambiri apa, chifukwa mayina amene ali nawo si ake.

11. Lembani m'kabuku

Pa tsamba lililonse lofunika, lembani zinthu zinayi m'kabuku ka gulu kapena mu Notes ya pa foni: mutu wa nkhani, linki yoyamba, linki ya kope, ndi tsiku. Limene lakanika lembaninso, pamodzi ndi uthenga umene unatuluka ndi nthawi yake, kuti mawa mudziwe poyambira ndiponso kuti mnzanu wa m'komiti asabwereze ntchito yomweyo pa foni yake. Masamba amene amasintha, monga a mitengo kapena a ntchito zotsatsidwa, asungeninso tsiku limene mwaona kusintha, chifukwa makope awiri a masiku osiyana ndi amene amasonyeza chimene chasinthidwa.

Potumiza ku gulu la WhatsApp, tumizani linki yaitali yonse yokhala ndi manambala 14 aja, osaifupikitsa, ndipo mupemphe munthu mmodzi wa netiweki ina kuti aitsegule pa foni yake akuuzeni chimene akuona. Fayilo ya PDF ya pa sitepe yoyamba ikopereni pa flashi kapena mudzitumizire pa imelo, poti foni imatha kugwera m'madzi kapena kubedwa pa msika.